Mtedza Wopanda Dzina ku Maputo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife tilipo, koma musadabwe ndi kumene kalatayi ikuchokera. Ndili ku Maputo. Eya, Mozambique yomwe ija ya kutsidya kwa msewu wathu ku Biriwiri, kumene munkaoloka ndi dengu pamutu kukagula sopo ndi mafuta ophikira, pobwera n'kumatinyadira kuti, "Ine lero ndinali kunja, inu ophunzira munafikako?" Ndinkayesa kuti dziko limeneli limathera kuseri kwa mapiri amene timawaona tili pakhomo. Ayi, Amayi, ndi lalitali ngati mapemphero a Lachisanu Loyera. Ndakwera mabasi mpaka msana kuuma, ndadutsa ku Tete kumene thukuta limatuluka munthu utangokhala, ndagona ku Chimoio, ndipo tsopano ndafika kumapeto kwake, kumene kutsogolo kuli madzi okhaokha.

Koma ndiyambe ndi za kumudzi, mungati mwana munamlera uja wayamba kutaya mwambo. Mdzukulu wanu Chisomo, wa achemwali Esinati, anachira bwinobwino kuchipatala cha ku Nzama. Anabereka mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu, Veronika. Amakwinya nkhope ngati inu mukaona munthu akupalira mwaulesi. Mbatatesi ya kudimba inachita bwino, koma kabichi tinagawana ndi mbozi, ndipo mbozi ndi zimene zinatenga gawo lalikulu. Ng'ombe ya amalume inalowanso m'munda mwa eni, ndipo mukudziwa kale mmene nkhani zimenezo zimathera. Nkhuku yanu yamawanga ija ndi yokhayo imene inapulumuka chitopa, pano ikuyenda pabwalo monyang'wa.

Chimene sichinapulumuke ndi mawu awiri. Pakhomo pathu munthu akatha kudya ankaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo aNanyoni," inu n'kuyankha mukusonkhanitsa mbale kuti, "Mwakhuta kapena mwangochita manyazi?" Chiwongo chimenecho munapita nacho. Ife ana anu tinatenga cha abambo, ndiye masiku ano tikadya timathokoza aNankhoma, amene ndi achemwali, ndipo kuphika kwawo kulibe vuto. Koma chichokereni inu sindinamvenso munthu akutchula Nanyoni, ndipo madzulo ena khutu langa limadikirabe.

Mtedza munadzala kuseri kwa khitchini uja, mvula itangoyamba, musanayambe kudandaula za chifuwa, tinakumba mu Meyi. Sunali wambiri. Chiswe chinadyako, mbewa nazo zinatenga msonkho wake. Achemwali anapatula wa mbewu, wotsalawo n'kuupachika kudenga osanena kuti ndi wa chiyani.

Sukulu titatsekera ndinauza anthu kuti ndikupita ku ulendo. Amalume anafunsa, "Ukupita kwa yani?" Ndinati kulibe amene ndikumudziwa. "Maliro?" Ayi. "Geni?" Ayi, ndikungofuna kukaona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakauza achemwali kumbali kuti imfa yanu yandisokoneza mutu. Mwina sananame kwenikweni. Kwathu munthu amayenda chifukwa cha matenda, maliro, ntchito kapena ukwati, ndipo woyenda kuti akangoona sitinamupezerebe dzina. Koma inu mukudziwa kuti ndinabadwa ndi maso osakhazikika, komanso nyumba yanu inali itayamba kundilemera.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, achemwali anatsitsa mtedza uja, anaukazinga, kuwaza madzi a mchere mmene munkachitira, n'kuuthira m'kachitini kanu ka mkaka kamene munkasungiramo singano ndi mabatani. Anangoti, "Kamba wako uyu. Ndi wotsiriza wa m'manja mwa amayi, ukadye mosamala." Mwambo wanu ndikuudziwa, Amayi: munthu sachoka pakhomo panu wopanda kamba, ndipo kamba sadyera m'thumba. Mukamasula mpango wanu m'minibasi ya ku Boma, kuyambira kondakitala mpaka mwana wa eni aliyense ankatapako, inu n'kumati kupatsa n'kuika. Koma uyu ndinamuumira. Njira yonse ndinkatola pang'onopang'ono, dzanja lili m'chikwama, maso ali pawindo, ngati mwana wakuba shuga. Ndinkafuna kuti mundiperekeze mpaka kubwerera.

Tsopano za mzindawu. Choyamba kundidabwitsa n'choti anthu amakhala mosanjikizana. Nyumba imodzi imakwera m'mwamba mpaka khosi kupweteka, pakhonde lililonse payanikidwa zovala, ndiye kuti pamwamba pa denga la munthu pali banja lina likusamba. Ndakhala ndikudzifunsa kuti phulusa amataya kuti, nanga pakagwa maliro anthu amakhala pati. Tsiku loyamba ndinatuluka m'mawa n'kuyamba kupereka moni kwa aliyense ndi kaChipwitikizi kathu ka pamsika kaja. Ena anayankha, ena anagwira zikwama zawo molimba, bambo wina anandilambalala ngati ndikugulitsa mankhwala a makoswe. Ndisanafike patali ndinali nditatopa, ndipo ndinazindikira kuti kuno ukati upatse moni aliyense, dzuwa lilowa usanagule buledi.

Koma si zonse zachilendo. Maminibasi awo amawatcha chapa, ndipo kupanikizana kwake ndi kwathu komwe, kondakitala wake ngati anabadwa mimba imodzi ndi wa pa Boma. Azimayi amavala zitenje ngati ife. Chimene chikanakusekesani ndi ndiwo. Chigwada, Amayi, chomwe chija timachikumbukira zinthu zikavuta, kuno amachitendera ndi mtedza ndi kokonati, n'kuponyamo nkhanu, azungu n'kumachijambula pafoni asanadye. Ndinadya, ndipo ndivomere kuti n'chokoma. Nyanja yawo ndinailawa ndi chala kuti nditsimikize zimene ndimaphunzitsa ana kusukulu. Ndi mchere weniweni. Imathawanso masana n'kusiya maboti pamchenga, kenako n'kubwerera ngati yaiwala kanthu, ndipo anthu a kuno sacheuka n'komwe.

Ndikugona panyumba ya alendo oyenda ndi zikwama kumsana ngati ine. Ili ngati hositelo ya ku sekondale, mabedi osanjikiza, bafa yodikirana, kusiyana kwake n'koti chipinda chimodzi mumagona amuna ndi akazi a mayiko osiyanasiyana, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Musadandaule, ndimagona nditavala jini, chitenje pamwamba. Anthu amenewa amandichititsa chidwi. Mukakumana sakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, amafunsa kumene wachokera dzulo ndi kumene ukupita mawa. Ena anasiya ntchito zabwinobwino kuti azingoyenda. Mtsikana wina anandiuza akusenda lalanje kuti amake ali moyo koma papita zaka asanawaone, amangolankhulana pafoni. Ndinafuna kumugwira pamapewa n'kumulozera njira ya kwawo, koma ndinakumbuka kuti inenso amalume akundiyesa wamisala.

Woyang'anira nyumbayi ndi mayi wina wamkulu thupi, a Filomena. Nditapereka pasipoti anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anafunsa m'Chichewa chathu chenicheni, "Ntcheu yake iti?" Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira. Kwawo ndi ku Ulongwe, kutsidya komwe kuja, ndipo akuti ali mtsikana ankabwera kudzagulitsa nyemba pamsewu wathu. Mwina munakanganapo nawo pa mtengo.

Ndi iwowo amene anandiuza lamulo la pano. Chakudya sichiloledwa kuchipinda chifukwa cha mphemvu, chonse chimakhala kukhitchini, ndipo aliyense amalemba dzina lake pa chake. Ndinapita kukaona. Zoonadi, pa mazira dzina, pa botolo la mkaka dzina, pa theka la anyezi dzina. Theka la anyezi, Amayi. A Filomena anandipatsa cholembera chakuda chachikulu n'kunena kuti, "Lembani, mwana wa kwathu. Chopanda dzina kuno n'cha aliyense."

Ndinagwira kachitini dzanja ili, cholembera dzanja ili, ndipo sindinathe. Ndinakumbuka kuti komaliza kulemba dzina ndi zilembo zikuluzikulu chonchi kunali pa mtanda wanu, paja anthu anati aphunzitsi ndiwo ali ndi dzanja labwino. Komanso ndikanalemba dzina la yani? Langa, pa mtedza umene sindinadzale? Ndinabweza cholembera. Mumtima ndinkati a Filomena akungoopseza mmene timaopsezera ana. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, angatsegule chitini cha mwini osafunsa? Ndinakankhira kachitini kumbuyo pa shelefu ya pamwamba, mmene inu munkatibisira shuga, n'kupita kukasamba mtima uli m'malo.

Loweruka lapitali mnzanga wa bedi la pansi, Mariana, namwino wa ku Brazil, anati sindingachoke ku Maputo osaona usiku wake. Dzuwa litangolowa ine ndinali nditavala kale, nsapato kuphazi. Iye anaseka, anati tigone kaye. Kuno, Amayi, anthu amagona madzulo kuti adzuke usiku. Tinatuluka nthawi imene kwathu ngakhale agalu amakhala atatopa kuuwa, ndipo tinapeza msewu wodzaza kuposa masana. Nkhuku zikuwotchedwa pamakala m'mbali mwa njira, tsabola wake wotsokomoletsa ukadali patali, anyamata akugulitsa ndudu imodziimodzi, magalimoto akuyenda pang'onopang'ono nyimbo zili pamwamba. Pakona pena panaima atsikana ovala zosafika m'maondo, mphepo ya kunyanja ikuwomba. Mmodzi anali wa msinkhu wa Chisomo. Sindinamuweruze, ndinangofuna kudziwa kuti amake ali kuti, ndipo akuganiza kuti mwana wawo amagwira ntchito yanji.

Tinalowa m'nyumba ina yakale ya makoma okhuthala, mkati mwake muli bwalo lopanda denga, oimba ali pakona ndi magitala ndi ng'oma. Ine ndinakhala pampando ndi botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi, ntchito kuyang'ana. Pali kavinidwe kena kamene mwamuna ndi mkazi amagundana chifuwa, tsaya pa tsaya, n'kumayenda pang'onopang'ono ngati anyamula mtsuko wodzaza. Ndinkayesa ndi apabanja. Nyimbo itatha ndinaona akuthokozana, wina uku wina uko, osafunsana dzina ngakhale mudzi. Ku Biriwiri kuvina kotereku mawa lake ankhoswe akumana. Ndinaonanso mayi wina wa imvi mutu wonse, msinkhu wanu, atavala nsapato zazitali zidendene, akuvina ndi anyamata mosinthanasinthana mpaka iwo kutopa. Ndinamuyang'anitsitsa mayi ameneyo. Ndinkadzifunsa kuti mukanabadwira kuno, kodi si inu mukanakhala pamenepo? Ndikukhulupirira kuti inde, chifukwa ndimakumbuka mmene munkasiyira ndiwo pamoto mukamva kuti gule wa ngoma wayamba kubwalo.

Kenako oimba anasintha, anayamba nyimbo yothamanga imene amaitcha marabenta, ndipo Mariana anandikoka dzanja. Chikuikireni m'manda ndinali ndisanavinepo, ngakhale kutchalitchi ndimangoimirira. Ndinati ndingogwedeza mapewa kuti ndimusangalatse. Koma mapazi anga amadziwa chinthu chimodzi chokha, kuponda pansi mwamphamvu kwa ngoma kumene ndinkatsanzira amalume ndili mwana, ndipo anachita zomwezo osandifunsa. Anthu anapatuka n'kupanga bwalo. Mayi wa imvi uja anavula nsapato zake n'kubwera kudzaponda nane. Ndinamva nthungululu, ndipo panapita kanthawi ndisanazindikire kuti ikutuluka pakamwa panga. Ndinasangalala, Amayi, ndisakubisireni. Ndinasangalala mpaka kuchita mantha kuti mwina nthawi yake inali isanakwane.

Tinabwerera kukucha, nthawi imene inu munkanyamula khasu kupita kudimba. Kukhitchini kunkamveka kuseka. Alendo anzathu ena anali atafika kale kuchokera kovina kwawo, njala itawagwira, atazungulira tebulo. Pakati pa tebulopo panali kachitini kanu, chivindikiro chili pambali. Mnyamata wina wamtali wa ku Jeremani, wa ndevu zake ndithu, anali akukhuthulira zotsalira m'dzanja. Atationa anamwetulira n'kunditambasulira dzanjalo. Anati m'Chingerezi ndilaweko, iye sanadyepo mtedza wokoma chonchi, wina wachifundo wausiya pashelefu wopanda dzina.

Sindinakuwe, paja kwa eni kulibe mkuwe. Ndinangokhala pansi pasimenti n'kutambasula miyendo ngati pasiwa, misozi n'kuyamba. Ndinalira kuposa tsiku la maliro anu, chifukwa tsiku lija ndinali wotanganidwa ndi kulandira anthu. Ndinawakwiyira alendowo, ndinadzikwiyira ndekha, ndinakukwiyiraninso inu pondilera wosadziwa kulemba dzina pa chakudya. Wina mwa iwo mtedza unali m'kamwa, osadziwa kuti ameze kapena alavule.

A Filomena analowa ndi thumba la buledi wa m'mawa. Anayang'ana kachitini, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Ndinakuuzanitu." Ndinawafotokozera zonse, za kuseri kwa khitchini, za chifuwa chanu, za achemwali, iwo n'kumamasulira kwa enawo. Mjeremani uja nkhope inafiira mpaka m'makutu. Anati athamangira kumsika akagule wina wochuluka. A Filomena anamuletsa ndi dzanja, anakhala pansi pambali panga ndi thupi lonse lija, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Mayi anuwo chiwongo chawo anali ayani?"

Ndinati, "Nanyoni."

Anadzuka n'kuuza alendo aja kuti kwathu ukadya cha mwini sulipira, umathokoza, ndipo umathokoza potchula chiwongo cha amene wakudyetsa. Anawaonetsa kaombedwe ka m'manja, manja ofumbata pang'ono, osati kwa kumpira kuja. Anayeserera kangapo, lilime likukana. Ndiye onse pamodzi, wa ku Jeremani, atsikana a ku Japan, wina amene mpaka lero sindidziwa kwawo, ndi Mariana yemwe amene sanalaweko, anaomba m'manja moyang'ana kachitini kopanda kanthu n'kunena kuti, "Zikomo aNanyoni."

Anatchula mokhota, Amayi, mukanaseka mpaka kugwira nthiti. Koma anali mawu omwe aja. Khutu langa linadikira yankho lanu, ndipo litapanda kubwera ndinawafunsa ndine m'malo mwanu, "Mwakhuta kapena mwangochita manyazi?" A Filomena atamasulira, Mjeremani anaganiza kaye, kenako anavomera kuti sanakhute. Ndinaseka misozi ili m'masaya. Zotsalira zija anali akadazifumbata, ndipo anandithira m'dzanja mosamala. Tinagawana ndi a Filomena ndi Mariana. Zinali zophwanyikaphwanyika, za mchere wa pansi pa chitini.

Sindinganame kuti sizikundipwetekanso. Dzanja limapitabe m'chikwama lokha, n'kubwerako chabe. Ine ndinkafuna kuti mundiperekeze mpaka kunyumba, koma zikuoneka kuti inu munaona alendo anjala, ndipo ndi liti munamudutsapo mlendo wanjala? Alendowo anyamuka kale, wina ku Joni, ena kwawo ku Japan, mtedza wa kuseri kwa khitchini yanu uli m'thupi. Tsopano mukhoza kunyada ndi mtima wonse kuti munafika kunja, ndipo ophunzirafe tilibe choyankha.

Ndinyamuka sabata ino, ndidzera njira yomwe ija ya ku Tete. Mvula ikagwa, mbewu anapatula achemwali ija tikadzala pamalo pomwe paja, kaVeronika kali kumsana kuti kaone. Kachitini kanu ndadzazamo mtedza wa kuno wopindika, umene amautcha kaju, ndipo sindinalembepo dzina. Ndikukulonjezani kuti ndikatsegula basi ikangonyamuka, kuyambira kwa kondakitala.

Zikomo aNanyoni.

Ndine mzime wanu wokukondani,
Tiyamike